Mukufuna kukulitsa mabere? Yambani ndi tepi, nambala ibwere pambuyo

Asisi, ngati maganizo mwamanga kale, ndalama mukusunga, mwayamba kufunsafunsa za madokotala aku Johannesburg kapena Cape Town, kapena muli ku UK ndipo mukuganiza zothamangira ku Turkey poti kumeneko kumatchipirako, dikirani kaye musanapereke depoziti. Saizi ya implant, kathumba kamene amaika mkati mwa bere kuti likule, sasankhira pa Instagram. Chifuwa chanu chomwecho ndi chimene chimanena kuti ine ndinganyamule mpaka apa, inu ndi adokotala mumangosankha mkati mwa malire amenewo basi.

Ma implant sayezedwa ndi B, C kapena D ngati bra ayi, amayezedwa mu cc, ndipo cc imodzi ndi mililita imodzi. Nde mukamva kuti uje anaikitsa 300cc dziwani kuti ndi botolo lagalasi la Fanta lija, lathunthu, bere limodzi. Ambiri amasankha pakati pa 250 ndi 450, ndipo madokotala amakonda kunena kuti 150 mpaka 200cc ndi imene imakweza kapu imodzi ya bra, koma izi nzongoyerekeza. Zoti mukalowe mu ofesi nkunena kuti "ndikufuna D" sizithandiza kwenikweni, aliyense amene anasankhapo bra pa kaunjika akudziwa kuti 34C ya kampani iyi ndi 34C ya kampani ina nzosiyana, ina imakwana ina imathina mpaka kusiya mizere. Komanso 350cc imene ikuoneka bwino pa mnzanu wamtali wamapewa otambalala, pa inu amene muli wamfupi wa chifuwa chopapatiza ikhoza kuoneka ngati yobwereka. Nambala ya mnzanu isiyeni kwa mwini wake.

Dokotala wodziwa ntchito yake amayamba ndi kuyeza. Amayeza m'lifupi mwa bere, kuchokera pafupi ndi fupa lapakati pachifuwa kukafika mbali ya kukhwapa, ndipo kwa amayi ambiri zimakhala masentimita 11 mpaka 14. Muyezo umenewu ndiye mwini nkhani. Implant siyenera kuposa m'lifupi mwa bere lanu, ikaposa imasefukira kukhwapa nkumakhulana ndi mkono mukamayenda, kapena awiriwo amakumana pakati nkuoneka ngati bere limodzi lalitali, vuto lovuta kwambiri kulikonza. Amayezanso kuchokera pa nsonga kutsika mpaka pa mzere wa kunsi kwa bere, amakoka khungu kuti aone mmene likutanukira, kenako amatsina kumtunda kwa bere ndi zala ziwiri kuti aone kuti muli ndi mnofu wochuluka bwanji wophimba implant. Mukhoza kuyesa nokha kunyumba ndi tepi ya telala mutaima pa galasi kuti mukhale ndi chithunzi, koma muyezo weniweni ndi wa adokotala. Ndipo ngati mwakumana ndi dokotala amene wakupatsani nambala asanakuyezeni, kapena wangoona zithunzi pa WhatsApp nkunena kuti 450 ikhala bho, ameneyo muthaweni ndithu olo mtengo wake ukhale wokoma bwanji.

Kenako pali chimene amati profile, ndipo apa mpomwe ambiri amasokonezeka. Tengani Fanta uja, muthire mu mbale yafulati, amayala ponseponse koma sakwera. Muthire mu kapu, malo ochepa koma wakwera m'mwamba. Fanta ndi yemweyo. Ma implant nawonso choncho, 350cc ikhoza kukhala yotambalala yosatuluka kwambiri kutsogolo, imeneyo ndi low kapena moderate, ikhozanso kukhala yopapatiza koma yotumphuka, imeneyo ndi high kapena extra high. Wa chifuwa chopapatiza amene akufuna saizi yooneka nthawi zambiri amamupatsa high chifukwa ndi njira yokhayo yolowetsera cc zambiri pa malo ochepa. Wa chifuwa chotambalala akaikidwa high yaing'ono amatsala ndi mpata waukulu pakati ndi m'mbali, zimaoneka ngati zangomatidwapo, iyeyo moderate ndi imene imamukhala. Za mpata wapakatiwo ndinenerepo, ngati mabere anu anabadwa otalikirana adzakhalabe otalikirana, implant imaikidwa kumbuyo kwa nsonga pomwe nsongayo ili. Zija mumaona pa zithunzi ataguditsana pakati, theka lake ndi ntchito ya bra.

Tsopano kaonekedwe. Alipo ozungulira, alipo ena amati teardrop kapena anatomical, opyapyala kumtunda odzaza kunsi. Pongomva, aliyense amati teardrop ndiye yachilengedwe, ndipatseni imeneyo. Koma zoona zake nzoti yozungulira ya silikoni wofewa, munthu akaimirira, silikoniyo amatsikira kunsi yekha nkutenga kaonekedwe komweko, moti olo madokotala akaonetsedwa zithunzi amavutika kusiyanitsa. Ubwino wina wa yozungulira ngwoti ikatembenuka mkati palibe chimasintha. Teardrop ikatembenuka, mbali yonenepa ija ikapita cham'mbali kapena kumtunda, bere limapindika ndipo nthawi zambiri pamafunika opaleshoni ina. Nchifukwa chake ma teardrop ambiri amawapanga okhakhala kunja kuti agwirane ndi mnofu asayende, ndipo kukhakhalako nkomwe kuli ndi nkhani yake. Pali khansa ina yosowa, BIA-ALCL, si khansa ya bere yodziwika ija koma ya chitetezo cha m'thupi, imayamba mu kachikopa kamene thupi limapanga kuzungulira implant, ndipo yapezeka makamaka mwa amene anaikidwa okhakhala. Mu July 2019 kampani ya Allergan inachotsa pa msika ma implant ake okhakhala a Biocell padziko lonse chifukwa cha zimenezi. Kwa ine, ngati muli ndi mnofu wanu wokwanira, yozungulira yosalala ndi yosavuta kukhala nayo. Teardrop ili ndi malo ake, makamaka kwa amene alibiretu mnofu pachifuwa kapena amene akumanganso bere atachotsedwa chifukwa cha khansa, koma mufunse bwinobwino kuti kunja kwake nkotani.

Zamkati zili pawiri, madzi amchere kapena silikoni. Ya madzi imatchipirako ndipo ikaphulika mumadziwa msanga, bere limaphwa m'masiku ochepa madziwo thupi nkumwa popanda vuto, koma pa munthu woonda imakonda kuonetsa makwinya m'mbali ndipo pokhudza imamveka kuti ndi thumba. Silikoni amamveka ngati mnofu weniweni, nchifukwa chake ambiri amasankha ameneyo, koma akang'ambika mwina simungadziwe nkomwe, nde bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, limalangiza kuti pakatha zaka 5 kapena 6 mukapange sikani ya ultrasound kapena MRI, kenako zaka 2 kapena 3 zilizonse. Ngati mukukhala kumudzi kuno ganiziranitu kuti sikani imeneyo muzikaipanga kuti ndipo ndi ndalama zingati. Ku America komweko ya madzi amalola kuyambira zaka 18, ya silikoni zaka 22.

Implant amaiika pamwamba pa mnofu wolimba wa pachifuwa, umene uli kuseri kwa bere, kapena pansi pake, pena theka pansi theka pamwamba zomwe amati dual plane. Kutsina kuja nkomwe kumathandiza apa, ngati zala zagwira mnofu wosakwana masentimita awiri madokotala ambiri amaika pansi kuti m'mphepete mwa implant musamaonekere. Kuipa kwake nkoti kumawawa kwambiri masiku oyamba, ndipo kwa okonda jimu, mukalimbitsa chifuwa bere limasuntha looneka ndi maso.

Amayi amene mwayamwitsa, apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ambiri amene amafuna opaleshoni iyi ndi inuyo. Ana atatu ayamwa, mabere aphwa agwa, ndiye maganizo amabwera oti ndikaika yaikulu idzadzaza khungu lonselo nkuwaimika njo. Imani pa galasi muone pomwe nsonga ili poyerekeza ndi mzere wa kunsi kwa bere. Ngati ili pamwamba pa mzerewo kapena pomwepo, implant yokha ikhoza kukwanira. Ngati yatsika pansi pa mzere, makamaka ikaloza pansi, implant payokha siingakweze, chimachitika nchoti implant imakhala m'mwamba bere lanu nkumalendewera pansi pake, kapena kulemera kwake kumakokera zonse pansi pakapita zaka zochepa. Pamenepo pamafunika opaleshoni yokweza, amati lift kapena mastopexy, amadula khungu lotsala nkukweza nsonga, ndipo imasiya zipsera zambiri kuposa implant yokha. Ife a khungu lakuda zipsera si nkhani yamasewera, ambiri timatupa ma keloid, ndiye ngati munaboola khutu pakatuluka chotupa, kapena chipsera cha opaleshoni ya mwana chinakwera nkulimba, muwauze adokotala ndi kuwaonetsa asanasankhe pocheka. Malo ochekapo kawirikawiri ndi atatu, pa mzere wa kunsi kwa bere, m'mphepete mwa pakuda pozungulira nsonga, kapena kukhwapa. Wa kunsi ndi umene ambiri amagwiritsa ntchito. Ngati mukufunabe kubereka, ambiri amayamwitsa bwinobwino ali ndi ma implant, koma kucheka kozungulira nsonga ndi kumene kumasokoneza kwambiri njira za mkaka, komanso mimba ina idzasinthanso mabere, mwina nkwabwino kudikira kuti mumalize kaye.

Ndiye mungayese bwanji saizi musanagone pa tebulo? Mpunga. Tengani sitokingi yakale, kapu yoyezera ya mamililita ya kukhitchini, yezani mpunga wosaphika wa 250, muthire, mangani mfundo momasuka kuti uziyala, pangani awiri. Pangani enanso a 300, 350 ndi 400. Valani bra yamasewera yopanda siponji, ikani mkati muyalitse bwino pa bere, kenako valani zovala zanu zenizeni, bulauzi ya kuntchito ija ya mabatani, diresi la chitenje limene telala anakusokerani mothina, yunifolomu ya kumvano ngati mumavala, tisheti yogonera. Musangoima pa galasi mphindi ziwiri, khalani nawo tsiku lonse, sesani, weramani pochapa, thamangirani minibasi, yendetsani galimoto mutamanga lamba. Silikoni amalemera pafupifupi galamu imodzi pa cc iliyonse, kutanthauza kuti 400 mbali zonse ndi magalamu pafupifupi 800 amene msana ndi mapewa anu azinyamula usana ndi usiku. Madzulo mudzadziwa nokha kuti iyi yandikwana kapena yandilemera. Ku chipatala amakhalanso ndi zoyesera zawo zoika mu bra, ena ali ndi makina a 3D monga Vectra kapena Crisalix amene amakuonetsani pa kompyuta mmene mungaonekere, nzothandiza koma musazitenge ngati lonjezo. Tengani zithunzi za anthu a thupi ngati lanu, zimene mwakonda ndi zimene simukuzifuna olo pang'ono, zachiwirizi nzimene zimamuthandiza kwambiri dokotala.

Mukatsala pakati pa ziwiri, tinene 325 ndi 350, musasowe nazo tulo, kusiyana kwake ndi masupuni awiri osadzaza, palibe angaone. Koma pakati pa 350 ndi 500 pali nkhani. Yaikulu imatanula khungu, imapyapyalitsa mnofu, imagwa msanga, imachulukitsa mwayi woti nsonga ichite dzanzi, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuchepetsa mudzapeza khungu lakula kale. Abambo akunyumba akhoza kunenapo maganizo awo, koma wonyamula ndinu. Ndipo musadabwe adokotala akanena kuti kumanzere aika 325 kumanja 300, pafupifupi mayi aliyense bere lina limaposa linzake.

Dokotalayo mufufuzeni. Ku South Africa onani ngati ali mu kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko, ngati plastic surgeon, katswiri wa maopaleshoni okonza maonekedwe a thupi, osati dokotala wamba amene anangochita kakosi, ndipo ambiri oyenera ndi mamembala a APRASSA, bungwe la akatswiri amenewa. Ku UK onani kaundula wa akatswiri wa GMC, bungwe lolembetsa madokotala, ndipo kumeneko amayenera kukupatsani masabata awiri oti muganize musanavomere. Funsani dzina la implant kapena la kampani yake, kaya ndi Mentor, Motiva, Natrelle kapena Polytech, ndipo mukatuluka akupatseni kakhadi kolemba saizi ndi nambala yake, mukasunge ngati pasipoti. Chifukwa chake chilipo, mu 2010 ku France kunadziwika kuti kampani ya PIP imathira silikoni wa m'mafakitale mu ma implant ake, amayi masauzande ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana anali nawo m'thupi, ndipo amene analibe pepala anavutika kudziwa ngati akhudzidwa. Funsaninso kuti zikavuta mutabwerera kwanu adzakuonani ndani, ndipo adzalipira ndani, chifukwa vuto lofala kwambiri, loti kachikopa kaja kalimbe nkufinya implant mpaka bere kuuma ndi kuwawa, limatha kubwera patapita miyezi kapena zaka. Ma implant si a moyo wonse, mukaika muli ndi zaka 28 werengerani kuti opaleshoni ina idzakhalapo kutsogoloku.

Mukapanga, masabata oyamba musaweruze saizi. Amakhala otupa, olimba, okwera pafupi ndi khosi, ena amalira kuti ndalakwitsa, koma amatsika nkufewa pakapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, bra zodula mudzagule nthawi imeneyo. Kwa masabata 4 mpaka 6 palibe kusenza ndowa, palibe kunyamula kapena kubereka mwana kumbuyo poti chitenje chimamangidwa pachifuwa pomwepo, ndiye konzeranitu wokuthandizani pakhomo. Osuta fodya kapena shisha asiye masabata angapo opaleshoni isanachitike ndi pambuyo pake, apo ayi bala limachedwa kupola. Ndipo tsiku lililonse mukapita kukayezetsa khansa ya m'mabere pa makina a mammogram, auzeni oyezawo asanayambe kuti muli ndi ma implant, ali ndi kajambulidwe kena kamene amakankhira implant kumbuyo kuti bere lioneke bwino.