Mukapeza makina a tepi ya mareel, musathamangire kulumikiza ku magetsi

Mwezi watha mnyamata wina wa ku Malindi anandibweretsera makina a tepi, Akai 4000DS ya malemu agogo ake, ija anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anali atailumikiza kale kunyumba, inangolira pang'ono kenako fungo la chinthu chopsa. Mtima unandipweteka chifukwa pamodzi ndi makinawo panali matepi asanu a zikiri komanso mawu a agogowo akulankhula pa ukwati. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndimachita ine.

Choyamba yang'anani kumbuyo. Magetsi athu ndi 230V pa 50Hz, koma makina opita ku America anali a 120V pa 60Hz, a ku Japan 100V. Ambiri ali ndi kabatani kosankhira mphamvu ya magetsi, kaikeni pa 220 kapena 240. Ngati palinso posankhira 50 ndi 60 ikani pa 50, apo ayi mawu azimveka olemera ngati woimbayo ali ndi tulo. Ulendo woyamba ine ndimadutsitsa magetsi mu babu yakale ija ya 60W, ikawala kwambiri osatsika ndiye kuti mkatimo muli shoti, zimitsani msanga. Ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi mkati mwa makina, a zaka 50 amakhala atauma, ndipo pa makina a mtundu wa Revox A77 pali ena otchedwa RIFA omwe amaphulika ndi utsi, asintheni musanayatse n'komwe. Ngati simunagwirepo soldering, kuwotcherera mawaya kuja, pitani nazo kwa wokonza mawailesi, ndipo pulagi ikhale yozula nthawi zonse mukamatsegula.

Mukatsegula kuno kwathu mupezamo zambiri. Mphemvu, zisa za mavu zadothi, fumbi la mwera, dzimbiri chifukwa cha chinyezi cha kunyanja. Chotsani ndi kabulashi kofewa. Lamba wa mphira wochokera ku mota nthawi zambiri amakhala atatamuka kapena atasungunuka ngati phula, akumata m'zala. Pukutani zonse, yezani ndi ulusi pomwe amadutsa kuti mupeze saizi yake. Gilizi wakale amauma gwa, ndiye mukakakamiza chokhotetsa cha play chimathyoka, ndipo chimenecho simuchipeza pa msika wa pa boma. Chotsani wakaleyo muike watsopano pang'ono chabe, mu mabering a mota dontho limodzi la mafuta a makina osokera lakwana. Mafuta asakhudze lamba kapena paliponse podutsa tepi.

Tsopano ma head, tizitsulo tomwe tepi imakhudza ikamadutsa, apa ndi pomwe pali nkhani. Pa Akai imeneyi alipo atatu, yofufuta, yojambula ndi yoseweretsa. Mukayang'anitsitsa ndi tochi muona kachinthu kofiirira ngati dothi la katondo katamatirira, ndi zonyenyeka za tepi zimenezo, ndipo n'zomwe zimapangitsa mawu kumveka ngati wina watseka sipika ndi bulangete. Tengani ka thonje ka m'makutu, nyowetsani ndi sipiriti woyera wotchedwa isopropyl wa ku famase, pukutani mofatsa mpaka thonje lituluke loyera. Sipiriti wa pepo uja ayi, amasiya utoto. Sikuludalaiva isayandikire, mukakanda head basi yatha. Ndipo chonde tizisikuluwu ta pambali pa head musatipotokole, tinachunidwa ndi tepi yapadera yoyezera, mukatisuntha mawu opyapyala onse athawa. Pukutaninso kachitsulo kozungulira kokoka tepi, capstan, ndi kagudumu ka mphira komwe kamaipanikiza. Kagudumuko ndimatsuka ndi madzi ndi sopo pang'ono. Kakakhala kolimba ndi kosalala ngati galasi mawu amanjenjemera, kafunika kena.

Tepiyo ndiye muisamale kuposa makina, makina ena mutha kupeza koma mawu a agogo kulibe kwina. Musayesere makina ndi tepi ya pabanja, yambani ndi yopanda ntchito. Inunkhizeni kaye, ikamamveka viniga ndi ya pulasitiki wakale wotchedwa acetate yomwe yayamba kuwonongeka, imaduka msanga. Matepi ena monga Ampex 456 a m'ma 1970 ndi 1980 amamwa chinyezi n'kuyamba kumata, mumva kulira kwa tswiii pa ma head, imitsani pompo chifukwa mawu akusendeka. Akatswiri amawaumitsa pa kutentha kwa pafupifupi 54°C kwa maola angapo, koma izi sizochitira pa mbaula kapena padzuwa la Okutobala, ndipo ya acetate siyiumitsidwa. Ya chuku musaiike pa makina. Liwiro nalo muone, ambiri a panyumba anajambulidwa pa 9.5 kapena 19 cm pa sekondi.

Ikangolira bwino lumikizani ku kompyuta mujambule ulendo woyamba womwewo, mwina tepiyo siyilolanso kachiwiri. Matepi sungani choimika ngati mabuku, kutali ndi masipika chifukwa muli maginito, osati m'mwamba pafupi ndi malata. Makinawo muziwayendetsa kamodzi pa mwezi kuti gilizi asaume, kenako zulani pulagi, magetsi akamabweranso atathima amabwera ndi ukali.

Ya mnyamata uja tinasintha ma capacitor ndi lamba. Anabwera ndi mayi ake tsiku loyesa, mawu atangotuluka mayiwo anagwira pakamwa nati, amenewo ndi ababa.