Kusaina uthenga ndi satifiketi mu Python

Funso ndi lakuti: muli ndi satifiketi ya X.509 (fayilo yotsimikizira kuti ndinu ndani, yokhala ndi kiyi yanu yapoyera) ndi kiyi yake yachinsinsi, ndiye mungasaine bwanji uthenga kuti wolandira atsimikize kuti ndi wanu ndipo sunasinthidwe panjira? Laibulale ya cryptography imachita zimenezi kuyambira pa vesheni 3.2.

1. Ikani laibulaleyo: `pip install cryptography`.
2. Werengani satifiketi ndi `x509.load_pem_x509_certificate`, kiyi ndi `serialization.load_pem_private_key`. Ngati kiyiyo ili ndi pasiwedi, iperekeni ngati ma bytes.
3. Sainani motere:

`pkcs7.PKCS7SignatureBuilder().set_data(uthenga).add_signer(satifiketi, kiyi, hashes.SHA256()).sign(serialization.Encoding.SMIME, [pkcs7.PKCS7Options.DetachedSignature])`

Apa ndi pamene ambiri amakodwa. Uthengawo uyenera kukhala ma bytes, osati str. Komanso laibulale imasintha mathero a mizere kukhala CRLF (zizindikiro ziwiri za `\r\n`) isanasaine; pa mawu wamba palibe vuto, koma PDF kapena chithunzi chimaonongeka. Pa mafayilo otere onjezani `PKCS7Options.Binary`.

4. Sungani zotulukazo mu fayilo `uthenga.eml`, muyese ndi pulogalamu ya OpenSSL (`ca.pem` ndi satifiketi ya amene anapereka satifiketi yanu): `openssl smime -verify -in uthenga.eml -CAfile ca.pem`.

Kusaina sikubisa uthenga, aliyense atha kuuwerenga. Kiyi yachinsinsiyo musaiike pa GitHub, ngakhale kwa kanthawi kochepa.