Kuloweza chimangirizo kukugwetsa ana athu a Sitandade 8

Mu teremu yachiwiri ino, pamene sukulu zapulayimale za m'boma la Zomba zakhala zikulembetsa mayeso oyeserera kwa ana a Sitandade 8, amene ambiri timangoti moko, m'mapepala a Chichewa ndi Chingerezi mwaoneka vuto limene aphunzitsi ndi makolo sitiyenera kulilekerera kuti lifike nalo mu teremu yachitatu. Pa gawo la chimangirizo ndi kalata, ana ochuluka akungokhuthulira papepala nkhani zimene analoweza m'timabuku ta mayankho togulitsidwa m'misika ndi m'malo ofotokopa, ndipo akuchita zimenezi osayang'ana n'komwe ngati nkhani yolowezayo ikugwirizana ndi funso limene afunsidwa.

Munthu akatenga mulu wa mapepala a kalasi imodzi sachedwa kuzindikira zimene zachitika. Chiganizo choyamba n'chofanana kuyambira pepala lapamwamba mpaka lapansi, dzina la bwenzi lapamtima n'lomwelo, chakudya chimene bwenzilo limakonda n'chomwecho, ndipo ngakhale liwu limene wolemba kabukuko analilemba molakwika, ana onse alilakwitsa pamalo omwewo. Mwana amene pa gawo la kumvetsa nkhani walephera kulumikiza mawu asanu a Chingerezi kuti apange yankho, pa chimangirizo akulemba ziganizo zazitali zokhala ndi mawu amene iye mwini sangawatanthauzire mutamufunsa. Pa kalata ndiye zikumvetsa chisoni kwambiri, chifukwa mwana wobadwira ku Chingale kapena ku Mayaka akulemba pamwamba keyala ya kuboma lina lakutali kumene sanapondeko phazi, poti ndi imene inali m'chitsanzo chimene anapatsidwa.

Vutoli silikuyambira m'chipinda cha mayeso. Likuyambira pa ntchito yokalembera kunyumba. Kuchokera pamene chaka cha sukulu chinayamba, ana ambiri akhala akuuzidwa kuti akakopere chimangirizo cha pabolodi kapena cha m'kabuku kawiri kapena katatu m'kope, akachiloweze, ndipo mawa lake adzachinene pamtima kutsogolo kwa anzawo. Mwana akachinena bwino amaomberedwa m'manja, kope lake limachongedwa ndi cholembera chofiira, kholo likaona zochongazo mtima umakhala pansi, koma mwanayo amatha miyezi yonseyi asanakhalepo pansi n'kuganiza yekha kuti ayamba bwanji nkhani, mfundo iti itsogole, ndipo ndime ithere pati. Dzanja lagwira ntchito, kope ladzaza, koma luso limene mayeso akufuna silinakhudzidwe.

Bungwe loona za mayeso la MANEB, limene likulu lake lili mumzinda wathu womwe uno wa Zomba, silifunsa chimangirizo pofuna kudziwa ngati mwana amasunga mawu m'mutu. Limafuna kuona ngati mwana, atapatsidwa mutu ndi mfundo zoti atsate, angathe kusanja maganizo ake m'ndime zomveka, m'chiyankhulo cholondola, pa nthawi imene wapatsidwa ndiponso mosapyola kapena kuperewera pa chiwerengero cha mawu chimene funso lanena. Mutu ukhoza kufanana ndi wa chaka china, koma mfundo zotsogolera zimasintha, ndipo apa ndi pamene mwana woloweza amagwera. Iye amangoona liwu limodzi lodziwika, monga msika kapena bwenzi kapena tchuthi, n'kuyamba kuthamangitsa cholembera mosangalala kuti mwayi wamugwera. Funso likhoza kukhala lakuti afotokoze ngozi imene anaona pamsika, koma iye alemba za zinthu zimene zimagulitsidwa pamsika ndi masiku amene msikawo umachitika. Wochonga sangapereke malikisi a mfundo pa nkhani imene yaphonya mutu, ngakhale ziganizo zake zikhale zokongola chotani, ndipo ochonga mayeso ndi aphunzitsi amene timabuku timeneti amatidziwa bwino kuposa mmene ogulitsa amaganizira.

Palinso china chimene chimachitika m'chipinda cha mayeso. Nkhani yoloweza imagwirana chiganizo ndi chiganizo, moti mwana akaiwala chimodzi chapakati chifukwa cha mantha, zonse zotsatira zimamuthawa. Mwana amene anazolowera kulemba zake akasowa liwu amafuna lina n'kupitiriza. Woloweza amangokhala, kufufuta, kuyambiranso pamwamba ndi chiyembekezo chakuti zibwera, ndipo nthawi ikatha amasiya ndime imodzi ndi theka, kwinaku magawo ena a pepalalo, amene akanapezako malikisi, asanawakhudze mokwanira.

Pambuyo pa msonkhano wina wa makolo ndi aphunzitsi kumene nkhaniyi inakambidwa, bambo wina wolima mpunga cha kufupi ndi nyanja ya Chilwa anatsalira kuti andifotokozere zake. Anayamba ndi za mpunga, kuti chaka chatha madzi anabwera mochedwa kudambo, mbalame zinamuvutitsa, ndipo zochepa zimene anapeza ankasunga kuti adzagulitse mitengo ikakwera. Koma mwana wake wamkazi atalowa Sitandade 8, anatulutsa thumba limodzi n'kuligulitsa kwa mavenda pamtengo wolira, kuti agule timabuku ta mayankho, tochi ndi mabatire ake, komanso kulipira maphunziro apadera a madzulo.

"Alangizi, ine sukulu ndinalekeza panjira, Chingerezi ndimangodziwa moni," anatero bamboyo. "Koma usiku uliwonse mwanayu amaima pakhonde n'kumanena nkhani yonse ya mudzi wake m'Chingerezi osapunthwa, ine ndi amake tili chete, mitima ili mbee, kuti chaka chino tatulutsa mwana wa ku sekondale yogonera komweko. Zotsatira za moko zitabwera, Chingerezi walephera. Ndinapita kukafunsa kuti kodi mwachonga bwino? Aphunzitsi ananditanthauzira zimene analemba. Funso limati alembe kalata kwa amalume ake yofotokoza mmene madzi osefukira anaonongera kumudzi. Iye analemba kuti mudzi wathu uli paphiri, wazunguliridwa ndi minda ya tiyi, ndipo bambo ake amagwira ntchito kubanki. Alangizi, kwathu kuja kuli phiri la tiyi? Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikupalira munda wa eni."

Ndinamufunsa kuti, "Bambo, nanga mwanayu madzi osefukira sanawaonepo?" Anandiyankha kuti pa namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, khoma la nyumba yawo linagwa usiku ndipo mwana yemweyo ndi amene anabereka mng'ono wake kumsana popita kukabisala kusukulu. Mwana ameneyu anali ndi nkhani yeniyeni m'mutu mwake, yokwana kudzaza kalata yonse ndi kutsalako, koma palibe amene anamuzoloweza kuti zimene anaona ndi maso ake n'zoyenera kulembedwa pa mayeso. Chingerezi chake chikanakhala chophweka, mwina chokhala ndi zolakwika zingapo, koma akanayankha funso ndipo akanapeza malikisi.

Mtengo wa chizolowezi chimenechi suthera pa thumba la mpunga. Malo a ku Fomu 1 ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza mayeso omaliza a pulayimale a PSLCE, ndipo aliyense akudziwa kuti kusiyana kwa mwana wosankhidwira ku sekondale yogonera komweko, wa ku sekondale yoyendera ya m'dera (CDSS) ndi wosasankhidwa n'komwe kumakhala pa malikisi ochepa. Malikisi amene amatayika pa chimangirizo ndi kalata m'mapepala awiri, la Chichewa ndi la Chingerezi, ndi okwanira kusuntha mwana kuchoka pa mndandanda wina kupita pa wina. Kenako banja limaganiza zoti abwereze Sitandade 8, chaka china cha yunifolomu ndi makope, ndipo kwa atsikana ambiri chaka chobwerezacho ndi chimene chimatsegula khomo la banja laubwana.

Ngakhale amene achita mwayi n'kusankhidwa, vutoli limawatsatira. Ku sekondale maphunziro onse kupatula Chichewa ndi ziyankhulo zina amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mafunso a mbiri, zamalo kapena sayansi ya zamoyo amafuna kuti wophunzira afotokoze m'mawu ake. Pamapeto pake, satifiketi ya Fomu 4 ya MSCE siperekedwa kwa munthu amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi maphunziro ena onse. Mwana amene wafika Fomu 1 asanalembepo ndime imodzi yochokera m'mutu mwake amakhala atatsala m'mbuyo pa chinthu chimene chigamule tsogolo lake zaka zinayi zikubwerazo, ndipo aphunzitsi a ku sekondale alibe nthawi yobwerera ku zimene zinayenera kuchitika mu Sitandade 5 ndi 6.

Ndatopa ndi kumva mawu akuti ifenso tinaphunzira choncho ndipo tinakhoza. Amene amanena zimenezi amawerenga okhawo amene anakhoza, osawerenga anzawo ochuluka amene anasiyira panjira ndipo lero sangathe kulemba kalata yopempha ntchito popanda kupempha wina kuti awalembere. Chifukwa china chimene chimaperekedwa n'chakuti ana ndi ambiri, ndipo ndikuvomereza kuti kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo m'sukulu zathu, moti mphunzitsi mmodzi sangachonge zimangirizo zosiyanasiyana za ana onsewo usiku umodzi. Zimenezi n'zoona, koma kuchonga makope 100 okhala ndi nkhani imodzimodzi yokopera nakonso n'kutaya mphamvu, popeza mphunzitsi akamaliza sadziwa chilichonse chatsopano chokhudza ana ake. Ndi bwino kuchonga ndime imodzi yaifupi imene mwana walemba yekha kusiyana ndi tsamba lonse limene wakopera.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mmene Chichewa tikuchipeputsira. Pali makolo ndi ana amene amati phunziroli silifuna kukonzekera poti ndi chiyankhulo chimene timayankhula tsiku ndi tsiku, ndiye ntchito yake ya kunyumba imachitidwa pomaliza, mothamanga, kapena ingolowezedwanso kuti nthawi ipite ku masamu. Kuyankhula pamsika wa Songani kapena wa Jali n'kosiyana ndi kulemba kotsata malamulo. Mwana ayenera kudziwa pogawa mawu ndi powaphatikiza, poika mpumiro ndi mpatuliro, kusiyana kwa malonje a kalata yantchito ndi a kalata yopita kwa m'bale, komanso kugwiritsa ntchito mwambi kapena chining'a pamalo pake, osangouponya m'mathero chifukwa unali m'chitsanzo. M'boma lathu muli ana ambiri amene kunyumba amayankhula Chiyao kapena Chilomwe, ndipo ana ameneŵa amafunika kulemba Chichewa pafupipafupi kuti achizolowere papepala. Ena ayambanso kulowetsa m'chimangirizo kalembedwe kodula mawu ka pa foni, chinthu chimene mphunzitsi sangachione ngati mwana akungokopera zolembedwa kale. N'zomvetsa manyazi kuti mabuku ovomerezeka, amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education pa Domasi pomwepa, ndipo ali ndi ntchito zoti mwana achite yekha pa mutu uliwonse, akukhala m'kabati pamene kabuku kosadziwika mlembi wake ndi kamene kakulamulira kalasi.

Masabata amene atsalawa angathandizebe. Aphunzitsi, chitsanzo chionetsedwe kamodzi kuti ana aone chiyambi, thunthu ndi mathero, kenako chifufutidwe pabolodi ana asanakopere, ndipo mutu wa ntchito ya kunyumba ukhale wosiyana ndi wa chitsanzocho. Perekani ndime imodzi patsiku pa zinthu zimene ana akuziona panopa, monga kuoloka mtsinje wa Likangala utadzaza, kupalira, kudwala malungo kapena maliro a m'mudzi. Chongani gulu limodzi lero, lina mawa, ena asinthane makope n'kuwerengerana mokweza. Mapepala a mayeso akale agwiritsidwe ntchito pophunzitsa ana kuwerenga funso kawiri ndi kudula mzere kunsi kwa zimene likufuna asanagwire cholembera, ndipo kamodzi pa sabata alembe chimangirizo chathunthu wotchi ili patsogolo. Makolo, ngakhale musadziwe Chingerezi, muuzeni mwana akufotokozereni m'chiyankhulo cha pakhomo zimene walemba, ndipo mukamva za phiri, galimoto kapena wachibale amene simukumudziwa, mubwezeni akalembenso. Ndalama ya kabuku ka mayankho mugulire kope lina ndi cholembera, ndipo nyuzipepala yakale iliyonse imene yafika pakhomo mwana ayambe waiwerenga isanakulungidwire usipa.