Momwe mungakambiranire nkhani zifupizifupi za Dresden Files pagulu popanda kuululirana mathero

Gulu lathu lowerenga mabuku kuno ku Zomba limakumana Loweruka masana. Kunja kukacha bwino timakhala pa kapinga ku Botanical Gardens, mvula ikagwa timathawira pakhonde la mmodzi wa ife ku Matawale. Tilipo 7, ndipo amene anatilumikiza ndi Harry Dresden, munthu wamatsenga wa mumzinda wa Chicago yemwe amadya za kufufuza milandu, m'mabuku a Jim Butcher. Anzathu ena a ku Chinamwali akufuna kuyambitsa gulu lawo ndipo akhala akundifunsa momwe timachitira ndi nkhani zifupizifupi za mndandandawu. Ndaganiza zongolemba pano kuti aliyense aone.

Choyamba, pezani mabuku ake

Nkhanizi anazisonkhanitsa m'mabuku awiri. Side Jobs linatuluka mu 2010 ndipo muli nkhani 11, pomwe Brief Cases linatuluka mu 2018. Simukufunika buku aliyense lake ayi. Limodzi likukwana gulu lonse, bola muzibwezerana pa tsiku lomwe mwagwirizana.

Kuwapeza ndiye nkhani. Kwa ogulitsa mabuku a kaunjika pafupi ndi msika, ngakhalenso ku Limbe, mabuku akuluakulu a mndandandawu amapezekapezeka mwamwayi, koma awiriwa ine sindinawaonepo. Kuitanitsa kunja mtengo wotumizira umaposa wa buku lenilenilo, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipoku mutha kudikira mpaka kutopa. Athu anabwera pa basi ndi achimwene a mnzathu ochokera ku Joni, ife tinangosonkherana pa Airtel Money. Ngati muli ndi m'bale kumeneko, njira yachidule ndi imeneyo.

Chenjerani ndi anyamata amene amayenda ndi fulashi n'kumati ali ndi mabuku onse pa mtengo wa bando ya tsiku limodzi. Kupatula kuti n'kumubera wolemba, mnzathu wina laputopu yake inalowa vairasi, ntchito yake ya kusukulu n'kutayika. Enanso amagulitsa mafotokope omanga bwino kunjaku koma mkati masamba ena mulibe. Musanalipire, tsegulani poyambira nkhani iliyonse muone ngati mawu oyamba a wolemba alipo. Chifukwa chake muchimva pompano.

Chachiwiri, aliyense anene pomwe wafika

Tengani kope, lembani dzina la aliyense ndi buku lalikulu lomwe wamaliza. Ndikuti lomwe wamaliza, osati lomwe wangoyamba. Mndandandawu unayamba ndi Storm Front mu 2000, kenako Fool Moon, Grave Peril, Summer Knight, mpaka mtsogolo. Amene ali kumbuyo kwa onse ndiye malire a gulu. Nkhani yochitika kupitirira pomwe iye wafika siyiwerengedwa.

Chachitatu, ikani nkhani iliyonse pamalo pake

Apa m'pomwe ine ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Nkhani zifupizifupizi sizoima pazokha. Iliyonse imachitika pakati pa mabuku akuluakulu awiri, ndipo wolembayo amaganiza kuti zam'mbuyo zonse mukuzidziwa kale. Mu Side Jobs, nkhani isanayambe amalemba mawu ochepa ofotokoza momwe inalembedwera ndi kuti ikuchitika pakati pa buku liti ndi liti. Ine mawu amenewo ndinkawadumpha, ndinkawayesa macheza chabe a wolemba.

Buku litangofika, udindo wosankha nkhani yoyamba unagwera ine. Ndinasankha Aftermath, yomaliza m'bukumo, chifukwa ndi yaitali komanso woifotokoza si Harry koma Karrin Murphy, mayi wapolisi amene tonse timamukonda. Ndinati amayi a m'gulu mwathu asangalala kumva mawu ake. Chomwe sindinalabadire n'chakuti nkhaniyi imayambira pomwe pathera Changes, buku la nambala 12, lomwe linatulukanso mu 2010. Mathero a buku limenelo ndi aakulu kwambiri mu mndandanda wonse, ndipo Aftermath imawayala poyera m'masamba oyambirira enieniwo. Pa anthu 7, Changes tinali titawerenga awiri okha, ndipo ine ndinali nditaiwala kuti anzanga ali kutali.

Tsikulo tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, thumba la mtedza wokazinga lili pakati. Mtsikana wina wophunzira ku yunivesite ku Chirunga ndiye ankawerenga mokweza. Iye anali atafika pa Dead Beat, buku la nambala 7, ndipo buku lililonse ankalipeza movutikira, kubwereka uku ndi uku kwa chaka chathunthu. Atawerenga pang'ono mawu anayamba kutsika, kenako anasiya. Anatseka bukulo chala chili mkati, n'kundiyang'ana.

“Achimwene, ndiye kuti zimathera pamenepa?”

Ndinasowa choyankha. Amayi ena aphunzitsi, omwe ndi aakulu pa tonsefe, anatenga bukulo n'kubwerera tsamba limodzi, n'kuloza ndi chala mzere umene ndinaudumphawo. “Bambo, wolemba anatichenjezatu apa,” anatero motsitsa mawu. Sanandikalipire, koma tsikulo tinabalalika msanga, mtedza wotsala n'kubwerera nawo. Mtsikanayo anajomba milungu itatu. Patapita nthawi anandiuza kuti mabuku anayi otsatirawo ankawawerenga mtima uli kale kumathero, chilichonse chimene Harry wachita n'kumangochiyeza ndi zomwe akudziwa kuti zikubwera. Chimenecho sindingathe kumubwezera.

Ndiye chitani chonchi. Munthu mmodzi amene ali patsogolo pa onse atenge mabuku awiriwo yekha, awerenge mawu oyamba a nkhani iliyonse, alembe m'kope muja dzina la nkhani ndi buku lomwe muyenera kukhala mutamaliza. Ena asasuzumire, chifukwa nthawi zina mawu oyambawo amatchulanso zinthu. Zina mwa zomwe zili m'kope lathu ndi izi. Restoration of Faith imachitika Storm Front isanayambe, choncho aliyense atha kuyamba nayo. Something Borrowed idikire mumalize Dead Beat. Backup, yomwe woifotokoza si Harry koma Thomas, mmodzi wa anthu a m'mabukuwa, musayigwire musanamalize Small Favor. Aftermath ndanena kale. Mu Brief Cases, Bombshells ndi ya amene adutsa Ghost Story, ndipo Zoo Day ndi ya amene amaliza Skin Game. Ife tinafika pomanga masamba a kumapeto kwa Side Jobs ndi labala kuti wobwereka asatsegule mwangozi ali mu minibasi.

Chachinayi, kukambirana kwenikweni

Nkhani imodzi pa tsiku ndi yokwanira. Musataye nthawi kufotokozanso zomwe zachitika, aliyense wawerenga. Funso lomwe limatsegula pakamwa anthu athu ndi lakuti, izi zikanachitika ku Zomba zikanayenda bwanji? Mabuku a mtundu uwu amatenga zinthu za m'nthano n'kuziyendetsa m'misewu ya tauni ya masiku ano, ndipo ife zimenezo si zachilendo. Tinakula tikumva agogo akusimba za Napolo yemwe anatsika m'phiri mu 1946, madzi n'kukokolola milatho m'tauni muno. Mukangotchula zimenezo ngakhale wamanyazi amalankhula.

Chinanso, gwirizanani mawu oti muzimutchulira Harry. Ife timati wamatsenga. Mawu oti mfiti kwathu kuno ndi olemera, ndipo munthu wodutsa akamva gulu likuseka n'kumatchula zimenezo amakuonani mwina.

Amene ali patsogolo agwire pakamwa. Ngakhale kungoti “dikirani muone zomwe zimuchitikire ameneyo” n'kuulula kale.

Zotsalazo

Tsegulani magulu awiri a WhatsApp, lina la onse, lina la amene adutsa Changes. Buku likutireni ndi pulasitiki, chinyezi cha kuno chimaononga mapepala. Wotaya buku agule lina. Mukamaliza Side Jobs yambani Brief Cases ndi nkhani zitatu za Bigfoot, chimphona chaubweya cha m'nthano za ku America, koma nazonso muziyang'ane kaye m'kope, chifukwa sizichitika nthawi imodzi.