Mmene ndinakonzera kakanema kanga kokumbukira Pac-Man

Kwa miyezi iwiri ndinkajambula kakanema ka makatuni kokumbukira Pac-Man, masewera amene kampani ya Namco inatulutsa ku Japan mu 1980, omwe ndili mwana ndinkawasewera pa makina oponyamo ndalama yachitsulo mpaka zala kuwawa. Nditakasandutsa vidiyo ndinakhumudwa kwambiri, chifukwa makoma a njira zokhotakhota zimene Pac-Man amayendamo anatuluka ena onenepa, ena owonda, ndipo maso a timizukwa tinayi timene timamuthamangitsa ankaoneka mwachimbuuzi.

Poyamba ndinkaganiza kuti kompyuta yatopa, koma gwero la vutoli linali masamu. Sikirini ya makina oyambirira inali yoimirira, ya mapikiselo (timadontho timene timapanga chithunzi) 224 m'lifupi ndi 288 m'litali, pomwe ine ndinatambasula chithunzicho kuti chifike pa mapikiselo 1080 m'litali. Mukagawa 1080 ndi 288 mumapeza 3.75, kutanthauza kuti timadontho sitinkakula mofanana, ndipo pulogalamu inkasakaniza mitundu pofuna kubisa kusiyanako.

Ndinabwerera ku chithunzi choyambirira n'kuchikulitsa katatu ndendende, kufika pa 672 ndi 864, ndipo malo otsala ndinawasiya akuda, zomwe kwa ine n'zokongola chifukwa zimafanana ndi mdima wa m'bokosi la makina aja. Kenako ndinasankha nearest neighbour, njira yokulitsira chithunzi yosasakaniza mitundu, m'malo mwa bilinear yomwe imasakaniza mitundu, kuti kadontho kalikonse kakhalebe ndi ngodya zakuthwa. Nditaonetsanso kakanemako, Blinky, mzukwa wofiira uja, anatulukira pakona maso ake ali mbee, monga ndinkamuonera kale nkhope nditaigunditsa pagalasi.