Makina otchetchera kapinga okwerapo akukana kulira

Musathamangire kugula ena. Pezani kaye sipanala ya pulagi (kachitsulo kothetheka moto woyatsa petulo mu injini), mita yoyezera batire ndi petulo watsopano.

1. Khalani pampando, pondani buleki, zimitsani mipeni. Popanda izi, makina ambiri salira n'komwe.
2. Yezani batire. Lodzaza limaonetsa mavoti 12.6. Palani zoyera zomwe zaundana pamitu pake.
3. Khuthulani petulo wogonera miyezi, ndiye amatseka kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya.
4. Masulani pulagi. Ikada ndi mwaye, ikani ina.
5. Onani lamba ndi mipeni. Apa ndi pomwe anthu amadulidwa zala: zulani kaye waya wa pulagi musanalowetse dzanja pansi.
6. Akalira koma akufuka utsi wabuluu, akumwa oyilo, ndipo chitsulo chophimba mipeni chabooka ndi dzimbiri, asiyeni, gulani ena.