Mukupopera chimanga chitamasula, ana a njuchi akufera m'zisa

Ming'oma yambiri yomwe ndatsegula dzinja lino ku Mabvuku, Tafara ndi Epworth, madera a ku Harare, ili ndi vuto limodzi. Zisa za ana zili gwerugweru, apa pomata, apo popanda kanthu, chonsecho mfumukazi ikuikira bwinobwino. Ukaponya maso kudambo, anthu ali pikitipikiti kupopera chimanga chomwe chatulutsa kale ngayaye, dzuwa likungotuluka, nthawi yomwe njuchi zimakhala zili pamungu.

Chichokereni 2016 pomwe mbozi ya ntchemberezandonda inalowa muno mu Zimbabwe, anthu anazolowera kupopera sabata ndi sabata osayang'ana n'komwe mmera. Chizolowezi chimenechi chanditopetsa. Chimanga chikamasula, mboziyo imathawira m'chisononkho, mankhwala saipeza bwino. Chomwe mwathira poizoni ndi mungu.

Mungu umenewo njuchi zimautengera kumng'oma n'kuusunga m'zisa. Njuchi zolera zimaudya kuti zipange chakudya cha ana. Dzira limaswa pa masiku 3, kenako kamphutsi kamadya mosalekeza pafupifupi masiku 6, kulemera kwake n'kuwonjezeka kuposa ka 1,000, kakufundula khungu kangapo. Kathupi kotere sikapirira chakudya choipa ngakhale pang'ono. Tina timafa tisanamatidwe, njuchi n'kutitaya kunja. Tina timatuluka pa tsiku la 21 tili tofooka, moyo wake waufupi. Zolerazo nazo zikadya mungu wa mankhwala monga imidacloprid, tiziwalo ta m'mutu topanga chakudya cha ana timafota. Mankhwala ameneyu, pamodzi ndi thiamethoxam ndi clothianidin, amalowerera m'mbewu yonse mpaka m'maluwa, ndipo mayiko a European Union analetsa kuwagwiritsa ntchito panja mu 2018.

Bambo wina wa ku Tafara anandiuza motsimikiza kuti, "Alangizi, mankhwala angawa sapha njuchi. Ndinapopera, pakhomo pa mng'oma sindinaonepo yakufa ndi imodzi yomwe." Ndinati, "Bambo, tiyeni titsegule." Uchi unalimo ndithu, koma ana ochepa zedi, timphutsi tina titauma pansi pa timabowo. Anangogwira pakamwa. Iwo ankawerenga mitembo pakhomo pomwe maliro ali m'kati. Pakatha milungu itatu kapena inayi, zakale zikamafa, zolowa m'malo zimasowa, ndipo nthawi yofula mumapeza malesa opepuka. Maungu ndi nkhaka zanu nazonso zimayoyola maluwa osabereka posowa njuchi.

Yenderani munda chimanga chikadali chaching'ono, mbozi muithane nayo ili kumtima. Chikamasula, lekani. Mpiru, repu ndi maungu zikachita maluwa musapopere, ndipo zikavuta poperani madzulo njuchi zitalowa, mutazula chisoso chamaluwa m'mizere. Uzani anzanu a ming'oma tsiku lisanafike, pakuti njuchi zimauluka makilomita atatu kapena kuposa. Pompa musatsukire pomwe zimamwa madzi.